Indy 500: Makilomita 805 kulimbirana botolo la mkaka

Madalaivala a minibasi amakonda kulemba kumbuyo kwa galimoto kuti kuthamanga sikufika. Munthu amene angachitire umboni mawuwa popanda kumuumiriza ndi J.R. Hildebrand wa ku America.

Pa 29 Meyi 2011, mnyamatayu, apo n'kuti ali ndi zaka 23, adali patsogolo pa anzake onse mumjaho wa magalimoto wotchedwa Indianapolis 500. Adali atazungulira bwalo maulendo 199, ndipo paulendo womaliza adali atadutsa kale makona atatu. Kudangotsala kona imodzi ndi kamtunda kosakwana kilomita kuti atenge chikho, komanso kadali koyamba kuti apikisane nawo.

Pakona yomalizayo adapeza galimoto ya Charlie Kimball ikuyenda pang'onopang'ono. M'malo mofatsa kuti atuluke kaye pakonapo, adaganiza zoidutsira kunja, kufupi ndi khoma, kumene kumadzaza tizidutswa ta labala tonyotsoka kumatayala. Galimoto idaterereka ngati yaponda mikanda, n'kukaomba khoma.

Idapitirirabe kukhwekhwereza khomalo, mbali ya kumanja itaphwanyika, mpaka kudutsa mzere womaliza. Koma isadafike pamzerepo, Dan Wheldon wa ku England adaidutsa. Mumjaho wonsewo Wheldon adatsogola mamita mazana ochepa chabe, koma adali mamita oyenera.

Chidawawitsa mitima ya eni galimoto ya Hildebrand, a Panther Racing, n'chakuti mpando umene mnyamatayo adakhalapo udali wa Wheldon yemweyo. Iye adawayendetsera galimoto mu 2009 ndi 2010, n'kumaliza wachiwiri zaka zonse ziwiri, kenako adasiyana naye. Chaka cha 2011 Wheldon adalibe ntchito yokhazikika. Kagulu kakang'ono ka Bryan Herta kadangomupatsa ganyu ya mjaho umodzi wokhawu. Ganyuyo idabweretsa ndalama zoposa $2.5 miliyoni, pomwe a Panther adapita kwawo ndi $1 miliyoni ndi pang'ono.

Bwalo la njerwa

Mjahowu, umene ambiri amangoutchula kuti Indy 500, umachitika kamodzi pachaka kumapeto kwa mwezi wa Meyi pabwalo la Indianapolis Motor Speedway m'chigawo cha Indiana ku America. Bwaloli ndi msewu wa phula wozungulira motalika, wa makilomita anayi: mbali ziwiri zazitali za kilomita imodzi iliyonse, mbali ziwiri zazifupi, ndi makona anayi. Magalimoto 33 amalizungulira maulendo 200, amene ndi mamailosi 500, kapena kuti makilomita 805.

Kuti mumvetse kutalika kwake, nyamukani ku Blantyre, dutsani Lilongwe, fikani ku Mzuzu, mudzakhala musadamalize. Mu 2021 Helio Castroneves wa ku Brazil adatha mtunda umenewu m'maola awiri ndi mphindi 37, kuphatikizapo nthawi yoima kuthira mafuta. Paliwiro limenelo, ulendo wa ku Lilongwe kuchokera ku Blantyre ndi wa ola limodzi.

Anthu odzaonerera amapitirira 300,000, ndiye kuti Bingu National Stadium itadzaza kasanu ndi kawiri. Mjaho umayamba cha m'ma 12:45 masana nthawi ya kumeneko, kuno kuli cha m'ma 6:45 madzulo.

Magalimoto ake si ofanana ndi amene timakumana nawo pamsewu wa M1. Ndi a mpando umodzi, otsika kwambiri, ndipo matayala ake onse anayi ali pamtetete, opanda madigadi. Kutsogolo ndi kumbuyo kuli timapiko, koma osati touluka nato. Ntchito yake ndi yosemphana ndi ya mapiko a ndege: mphepo ikamawomba, timakanikizira galimoto pansi kuti isachoke pamsewu.

Amene adamanga bwaloli mu 1909 ndi Carl Fisher ndi anzake atatu abizinesi. Ankafuna malo amene makampani opanga magalimoto angayeserepo katundu wawo. Poyamba adaika miyala yoswa yosakaniza ndi phula, koma mjaho woyamba wa magalimoto, mu Ogasiti chaka chomwecho, udasanduka maliro. Msewu udakumbika, ndipo m'masiku atatu anthu asanu adafa: dalaivala, amakaniko awiri ndi oonerera awiri.

Fisher sadagwe mphwayi. Chaka chisadathe adayala njerwa 3.2 miliyoni pamsewu wonse. Pang'onopang'ono njerwazo zidakwiriridwa ndi phula, ndipo pofika 1961 padangotsala kamzere kosakwana mita pamalo oyambira ndi omalizira. Kamzereko kakadalipo, ndipo opambana amagwada n'kukapsopsona, mafuta ndi fumbi la matayala zili pomwepo.

Indy 500 yoyamba idachitika pa 30 Meyi 1911. Nthawi imeneyo galimoto iliyonse inkanyamula anthu awiri, dalaivala ndi makaniko amene ankayang'ana m'mbuyo n'kumachenjeza mnzake za amene akubwera. Ray Harroun adakana kunyamula munthu chifukwa ankafuna galimoto yopepuka. Anzake atadandaula kuti achititsa ngozi, adamangirira kagalasi kutsogolo kwake kuti aziona m'mbuyo. Adapambana ndi galimoto ya Marmon Wasp atayenda maola asanu ndi limodzi ndi mphindi 42, paliwiro la makilomita 120 pa ola. Galasi lija lero lili m'galimoto iliyonse, ndipo ambiri amatchula dzina la Harroun akamakamba za chiyambi chake.

Bwaloli lidatsala pang'ono kufa pankhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kuyambira 1942 mpaka 1945 kudalibe mjaho, udzu udamera pamsewu, mipando yamatabwa idaola. Adaliombola ndi Tony Hulman amene adaligula mu Novembala 1945, ndipo banja lake lidaliyendetsa mpaka pamene Roger Penske adalitenga kuchiyambi kwa 2020.

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1960, magalimoto a ku Indy adali akuluakulu, injini ili kutsogolo. Anthu a ku Ulaya adabwera ndi timagalimoto tochepa, injini ili kumbuyo kwa dalaivala, ndipo eni mudzi poyamba adatiderera. Mu 1965 Jim Clark wa ku Scotland adatsogola maulendo 190 mwa 200 ndi galimoto ya Lotus. Chiyambire pamenepo palibe galimoto ya injini yakutsogolo idapambanaponso.

Kukhotera kumanzere kokhakokha

Wina anganene kuti palibe luso apa, chifukwa tsiku lonse munthu akungokhotera kumanzere, makona 800. Amene amanena zimenezi sadawerengere bwino liwiro lake.

Pa makilomita 370 pa ola, galimoto imatha kutalika kwa bwalo la mpira pasekondi imodzi. Kuzungulira makilomita anayi aja kumatenga masekondi pafupifupi 40. Makona ndi opendekeka pang'ono chabe, madigiri 9, ndipo zinthu zikakhala bwino dalaivala amalowa pakona osaponda buleki, phazi lili pamoto. Kunja kwa kona kulibe udzu kapena mchenga woti munthu akalakwitsa akaimemo. Kuli khoma.

Galimoto imakonzedwa moti payokha izifuna kupita kumanzere. Tayala la kumbuyo chakumanja limakhala lalikulupo pang'ono kuposa la kumanzere, choncho pamalo owongoka dalaivala amachita kuigwira kuti isakhote. Mphepo ikasintha, kapena mtambo ukaphimba dzuwa phula n'kuzizira, galimoto imene inkamvera mphindi khumi zapitazo imayamba mwano.

Palinso nkhani ya mphepo ya mnzako. Amene ali patsogolo ndiye amang'amba mphepo, ndipo wam'mbuyo amayenda mopepuka, kusunga mafuta, kenako n'kutulukira pambali mwadzidzidzi. Okwera njinga za kabaza motsogozana kukuwomba mwera amazidziwa zimenezi. N'chifukwa chake kutsogola paulendo wa 199 nthawi zina n'kudziika pamsampha. Mu 2024 Pato O'Ward wa ku Mexico adalanda utsogoleri poyamba paulendo womaliza, koma Josef Newgarden adamudutsa pakona yachitatu. O'Ward adatuluka m'galimoto misozi ili chuchuchu.

Banja la Andretti lingalembe buku pa zowawa zotere. Agogo, Mario, adapambana kamodzi kokha mu 1969, ngakhale adapikisana maulendo 29. Mwana wawo Michael adatsogola maulendo 431 m'moyo wake wonse koma chikho sadachigwirepo. Mdzukulu, Marco, ali ndi zaka 19 mu 2006, adatuluka pakona yomaliza ali patsogolo, koma Sam Hornish adamudutsa atatsala mamita ochepa. Kusiyana kwawo sikudakwane gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Mu 1992 kudali kothina kuposa apa: Al Unser Jr. adaposa Scott Goodyear ndi masekondi 0.043, pomwe Goodyear adayambira kumchira kwenikweni, pa nambala 33.

Dalaivala sakhala yekha. Pamwamba pa mipando ya oonerera pamakhala mnzake wa wailesi amene amamuuza za galimoto zimene sangazione. Pansi pamakhala amakaniko. Thanki imalowa malita 70 okha, amene amatha akazungulira maulendo pafupifupi 30, choncho galimoto imaima kasanu kapena kuposerapo. Ikaima imadzinyamula yokha ndi majeki a mpweya, amakaniko amasintha matayala anayi, tayala lililonse nati imodzi, ena akuthira mafuta, ndipo masekondi khumi asadakwane yapita. Nati imodzi ikavuta, ntchito ya chaka chonse yathera pomwepo.

Mu 2016, pamjaho wa nambala 100, Alexander Rossi adapambana chifukwa cha kuumira pa mafuta. Anzake ataima komaliza kukathira, abwana ake adamuuza kuti apitirire, aziponda moto mosamala. Adatambasula thanki imodzi maulendo 36. Paulendo womaliza injini idayamba kutsamwa, ndipo adadutsa mzere galimoto ikungoyendera mphamvu yotsalira. Adachita kumukoka kuti akafike kolandirira chikho.

Mvula ikagwa, mjaho umaima, chifukwa matayala ake ndi osalala ndipo paliwiro lotere madzi ndi imfa. Akakhala kuti adutsa maulendo 101, wotsogola amatengedwa kuti wapambana. Mu 1976 Johnny Rutherford adapambana atangozungulira maulendo 102.

Mtengo wake

Anthu oposa 70 afera pabwaloli chiyambire 1909, kuphatikizapo madalaivala, amakaniko ndi oonerera. Mu 1955 Bill Vukovich, amene adapambana zaka ziwiri zotsatizana, adafa ali patsogolo, akufuna kachitatu.

Tsiku limene akuluakulu a ku Indiana saliiwala ndi la mu 1964. Paulendo wachiwiri wokha, galimoto ya Dave MacDonald, yodzaza petulo, idaterereka potuluka pakona yachinayi, idaomba khoma n'kuphulika. Eddie Sachs adalowa m'chimoto chija n'kuiomba. Onse awiri adafa. Kadali koyamba kuti mjaho uimitsidwe chifukwa cha ngozi.

Zitatero, madalaivala adasiya petulo n'kuyamba mafuta a methanol, amene moto wake umazimitsika ndi madzi. Koma nawo adali ndi chinyengo chake: masana lawi lake silioneka. Mu 1981 mafuta adatayikira Rick Mears ali poima ndipo adayaka. Anthu adangoona munthu akudumphadumpha, akudzimenya kumaso, moto osauona. Adapsa kunkhope, koma adachira n'kudzapambananso katatu, kufikitsa zikho zinayi. Ena amene adafika pa zinayi ndi A.J. Foyt, Al Unser ndi Castroneves basi.

Mu 2007 adasamukira ku ethanol, ndipo kuyambira 2023 mafuta ake ndi osachokera pansi panthaka, mbali yaikulu ndi ethanol wa zotsalira za nzimbe. Alimi a ku Dwangwa ndi ku Chikwawa sangadabwe nazo, chifukwa dziko lino lakhala likutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za shuga kuyambira 1982 n'kumasakaniza ndi petulo.

Nanga Wheldon uja? Chimwemwe chake chidakhala miyezi isanu yokha. Pa 16 Okutobala 2011 kudali mjaho wotsekera chaka ku Las Vegas, pabwalo lozungulira laling'ono kuposa la Indianapolis, koma lopendekeka kwambiri. Adalowetsamo magalimoto 34. Okonza mjaho adalonjeza $5 miliyoni, yogawana ndi wotsatira masewerowa mmodzi, ngati Wheldon angayambire kumchira n'kupambana. Paulendo wa 11 magalimoto adakhudzana kutsogolo kwake ndipo 15 adaombana. Ya Wheldon idakwera pa inzake, idauluka n'kukamenya mpanda, mutu wake n'kugunda mzati. Adamwalira ali ndi zaka 33, kusiya mkazi ndi ana aamuna awiri, wamng'ono ali wa miyezi.

Apa ndi pamene pali vuto la matayala a pamtetete. Magalimoto wamba akakhulana m'mbali amangokandana penti. Awa, tayala likakhudza tayala la mnzake, lina limakwera pa linzake ndipo galimoto imanyamuka ngati ndege. Kuunjika magalimoto 34 otere pabwalo limene aliyense ankatha kuthamanga mofanana, phazi lili pansi, kudali kuika moyo wa anthu pachiswe kuti oonerera pa TV achuluke. Madalaivala ena adali atanena kale nkhawa zawo mjaho usadayambe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti miyezi yomalizayo Wheldon ndiye ankayesa galimoto yatsopano ya kampani ya Dallara, yopangidwa kuti ichepetse ngozi zotere. Idayamba ntchito mu 2012 ndipo adaitcha DW12, kutenga zilembo za dzina lake.

Chitetezo chilichonse pamasewerowa chidadza pambuyo pa maliro kapena pambuyo pa munthu kupulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mu 2002 bwalo la Indianapolis lidakhala loyamba kuika khoma lofewa m'makona, lopangidwa ndi akatswiri a University of Nebraska: mipope yachitsulo kutsogolo, thovu lolimba kumbuyo, kenako konkire. Galimoto ikaomba, khomalo limabonyoka n'kumeza ina mwa mphamvuyo. Mu 2015 Justin Wilson adamwalira chidutswa cha galimoto ina chitamugwera pamutu pabwalo la Pocono, ndipo mu 2020 magalimoto onse adaikidwa chotchinga cholimba choonekera mkati kuzungulira mutu wa dalaivala. Chaka chomwecho cha 2015 James Hinchcliffe adaomba khoma ku Indianapolis poyeserera, chitsulo chidamubaya ntchafu ndipo adatsala pang'ono kutha magazi. Madokotala a pabwalopo adamupulumutsa. Chaka chotsatira iye ndiye adayambira pa nambala 1.

Kulowa nawo n'kovuta

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo ku Indy amayambiradi limodzi, mizere 11 ya magalimoto atatuatatu, akuyenda kale. Koma kuti munthu apezeke m'gulu la 33 amayenera kuthamanga yekha maulendo anayi, makilomita 16, ndipo liwiro lake ndilo limamupatsa malo. Mu 1996 Arie Luyendyk wa ku Netherlands adazungulira kamodzi paliwiro la makilomita 382 pa ola.

Ofuna malo akaposa 33, wochedwetsetsa amapita kwawo, kaya ndi ndani. Mu 1995 gulu la Penske, limene lidapambana chaka chapitacho, lidalephera kulowetsa ngakhale galimoto imodzi. Mu 2019 zidamugwera Fernando Alonso wa ku Spain, katswiri wa dziko lonse wa Formula One kawiri, amene adabwera ndi kampani yachuma ya McLaren. Adamutulutsa ndi Kyle Kaiser, mnyamata wa zaka 23 wa kagulu ka Juncos, kamene kadali katangotaya othandiza ndi ndalama ndipo kadachezera kulumikiza galimoto ina yoyamba itaphwanyika poyeserera.

Kwa ena chipata chidali chotseka ndi zifukwa zina. Mpaka 1971 amayi sankaloledwa n'komwe kulowa kumene amakonzera magalimoto. Janet Guthrie, injiniya wa za ndege, adakhala mayi woyamba kupikisana mu 1977, ndipo chaka chotsatira adamaliza wachisanu ndi chinayi, dzanja lili lothyoka. Danica Patrick adatsogola maulendo 19 mu 2005 ndipo mu 2009 adamaliza wachitatu. Munthu wakuda woyamba kulowa nawo adali Willy T. Ribbs mu 1991, patatha zaka 80 chiyambire mjahowu.

Africa idatsala pang'ono kulawa mu 2002. Tomas Scheckter wa ku South Africa, mwana wa Jody Scheckter amene adali katswiri wa Formula One mu 1979, adatsogola maulendo 85 ali ndi zaka 21. Paulendo wa 173, ali patsogolo, adaomba khoma pakona yachinayi, yomwe ija idadzadya Hildebrand.

Ndalama zake n'zochititsa kaso. Mu 2025 onse pamodzi adagawana zoposa $20 miliyoni, ndipo Alex Palou, munthu woyamba wa ku Spain kupambana, adatenga pafupifupi $3.8 miliyoni, zimene dalaivala amagawana ndi eni galimoto. Nkhope ya wopambana aliyense imasulidwa pa chikho chasiliva cha Borg-Warner, chotalika ngati munthu, chimene chidayamba mu 1936. Chikhocho sapita nacho kunyumba, amangomupatsa kakang'ono kofanana nacho.

Koma chithunzi chimene chimazungulira dziko ndi cha munthu wotuluka thukuta akupapira mkaka. Mwambowu udayamba ndi Louis Meyer. Mayi ake adamuphunzitsa kuti kukatentha azimwa mkaka wowawasa, wonga chambiko. Atapambana kachitatu mu 1936 adamujambula ali ndi botolo m'manja, ndipo ogulitsa mkaka ataona chithunzicho m'nyuzipepala adadziwa kuti apeza wotsatsa malonda waulere. Mwambowu udazilala kwa zaka zingapo koma kuyambira 1956 udakhazikika. Mjaho usadayambe dalaivala aliyense amafunsidwa mtundu wa mkaka umene angakonde, ndipo alimi a ng'ombe a ku Indiana ndiwo amanyamula mabotolowo.

Mu 1993 Emerson Fittipaldi wa ku Brazil, amene adali ndi minda ya malalanje kwawo, adakankhira botolo la mkaka pambali makamera akujambula, n'kumwa madzi a malalanje. Pambuyo pake adalawako mkakawo ndipo adapepesa, koma zidali mochedwa. Sabata yotsatira ku Milwaukee anthu adamukuwiza, ndipo atabwerera ku Indianapolis mu 2008 kudzayendetsa galimoto yotsogolera mjaho, patatha zaka 15, ena adamukuwizabe.